Kamwana ka pa Chitupa

Lolemba

Sabata ino ndikutenga nyumba ya anthu okwatira. Ndanena, ndatha!

Abiti Saidi, akazi anga, anafika Loweruka kuchokera kwathu ku Nyasalande, basi itawagwedeza mpaka mafupa kulira. Pasi yawo ya mlendo ikutha Lamulungu. Likafika Lamulungu tilibe nyumba, abwerera kumudzi. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Pano akugona ku Kabulonga, m'kanyumba ka kuseri kwa mzungu amene alamu anga Che Bwanali amamuphikira. Dona walola sabata imodzi, bola asamaonekere kutsogolo, chifukwa galu wake sakonda alendo. Ine ndili muno mu Kabwata, komboni ya mu Lusaka, m'kanyumba kozungulira ka udzu ka anthu osakwatira, kopanda windo, limodzi ndi ba Mulenga. Ba Mulenga ndi Mbemba. Masana amamanga nyumba za azungu ku Woodlands, usiku amaliza mkonono pafupi ndi khutu langa. Mwamuna ku Kabwata, mkazi ku Kabulonga, pakati njinga. Ukwati wa m'Chitaganya umenewo!

M'mawa ndatsanzika kwa bwana wanga, Mmwenye amene ndimasoka pakhonde la sitolo yake, ndapita ku ofesi ya nyumba. Pawindo pali kalaliki wa tayi, wa magalasi, pensulo kukhutu. Kundiyang'ana osandiyang'ana. "Ba Nyasa, mufuna chani? Nyumba? Bweletsani mapepala yonse." Mapepala ake ndi awa:

- chitupa
- lisiti la msonkho
- kalata ya bwana wa kuntchito
- kalata ya ukwati
- fomu yobiriwira, yolembedwa ndi inki, osati pensulo
- mkazi mwini wake, kuti amuone ndi maso

Zomwezi? Chitupa ndili nacho, msonkho ndinakhoma, mkazi ali ndi miyendo.

Madzulo ndayamba kusoka makatani awiri ndi zidutswa zotsala pa madiresi a madona. Nyumba za okwatira zili ndi mawindo awiri. Ndinayeza kale ndi tepi panyumba ya munthu wina, mwini wake atapita kuntchito.

Lachiwiri

Fomu yobiriwira. Ndaiwerenga, mutu waima. Boma likufuna kudziwa:

- dzina langa, la bambo anga, la mudzi, la mtsinje umene timamwa
- mtundu wanga
- ng'ombe ndili nazo zingati (mu Kabwata muno!)
- ngati ndinadwalapo chifuwa chachikulu
- tsiku lobadwa
- ana angati

Boma lofuna kudziwa zonsezi ukhoza kuganiza kuti likufuna kundifunira mkazi.

Pa tsiku lobadwa ndalemba kuti chaka cha dzombe, monga amanenera mayi anga. Kalaliki wakana, akuti pafunika manambala. Wayang'ana ndevu zanga, wayang'ana kudenga, walemba chaka cha m'mutu mwake. Ndiye lero ndabadwanso, pawindo, mzamba wake wovala tayi.

Pa ana ndangojambula kamzere. Tinakwatirana, tinalima limodzi dzinja limodzi, ine n'kubwera kuno kudzafuna ndalama ya msonkho womwewu. Kumudzi anthu ayamba kale kuwanong'ona Abiti, ngati kuti mwana amabwera pa positi. Nyumbayi ndikuifunira zimenezo. Mawindo ndi ongowonjezera.

Ndiye pali china chondiwawa. Chitupa changa chili ndi dzina langa la paubwana, lija ndinalisiya kuthengo tsiku limene ndinavinidwa jando. Kalaliki wa pa boma kwathu anangolikopera m'buku lakale la mudzi, m'mene anandilemba ndili kamwana ka mamina. Kwathu dzina lotere linafa. Wolitchula ndiye kuti wakutukwana, ndipo nkhani yake imatha ndi nkhuku, apo ayi ndi zibakera. Ngakhale muno m'buku langa sindingalilembe. Koma wa magalasi uja walikuwa pawindo, mzere wonse ukumva, n'kubwerezanso! Ndipo ine, munthu wa ndevu zanga, ndayankha kuti "Wawa!" Kumbuyo kwanga kunali Myao mnzanga wosoka nsapato. Wawerama, wachita ngati wataya kanthu m'fumbi. Mulungu amudalitse munthu ameneyo.

Fomu yabwezedwa. Inki yadonthera pa ng'ombe.

Lachitatu

Fomu ina ndapeza, nditaima padzuwa mpaka chithunzithunzi changa kulowa pansi pa mapazi. Ndalemba mosamala ngati ndikusoka suti ya ukwati. Ng'ombe zatuluka zoyera.

Tsopano vuto ndi kalata ya bwana. Mmwenye walemba dzina limene amandidziwa nalo, langa lenileni, lachikulu. Kalaliki waika kalata apa, chitupa apo, wapukusa mutu mokondwa. Munthu ameneyu amanenepa akapeza cholakwika. "Aba ni bantu babili. Wofuna nyumba ni uti?"

Ndati ndiye tikonze chitupacho. Wanditumiza ku boma m'tauni. Kumeneko:

- khomo loyamba: pitani khomo lachitatu
- khomo lachitatu: apita kukamwa tiyi
- khomo lachiwiri: mesenjala akugona, chipewa kumaso
- khomo loyambanso: bwanji simunanene kuti ndinu wa ku Nyasalande?

Akuti dzina limasinthidwa kumene linalembedwa. Kalata ichoke kumudzi, ikadindidwe pa boma la kwathu, ibwere pa positi, iwo aiganizire. Mwina mvula ikamagwa. Ine ndimati maiko atatu a m'Chitaganyawa analumikizidwa kukhala limodzi! Pa wailesi ndi limodzi. Pawindo ndi atatu, lililonse ndi chidindo chake.

Ndabwerera kusitolo kukapempha Mmwenye alembenso kalata, tsopano ndi dzina lakufa lija. Pakamwa pakana kulitchula, ndangomuonetsa chitupa ngati munthu woonetsa chilonda. Iye walemba, koma wandionetsa mulu wa mabuluku osapinda m'miyendo. "Nyumba, nyumba, nanga makina asoka yekha?"

Katani yoyamba yatha. Ba Mulenga aigwira ndi manja a simenti. "Shani, ba telala, mwayamba na makatani nyumba mukalibe kuona?" Anthu a nsanje sasowa.

Lachinayi

Kalata ya ukwati. Yathu ilipo, analemba a shehe kwathu tsiku limene anamanga ukwati wathu, m'zilembo za Chiarabu, ndipo Abiti anaisunga m'kachitini mopanda khwinya. Kalaliki waigwira chozondotsa. Waitembenuza. Waibweza ndi zala ziwiri. Ukwati umene unaonedwa ndi mudzi wonse, mbuzi n'kufa, akuti boma silinauone.

Komabe pali njira. Mawa mkazi abwere, afunsidwe pamaso pa mzungu woyang'anira komboni. Akatchula dzina la mwamuna wake monga lilili pa chitupa, adinda, nyumba tilandira. Funso limodzi basi!

Ndapalasa njinga mpaka ku Kabulonga. Panjira wapolisi wandiimitsa kuti aone kachitsulo ka msonkho wa njinga. Njinga ili ndi mapepala okwanira. Njinga ikhoza kupatsidwa nyumba lero lomwe.

Abiti ndawapeza kuseri, pansi pa chingwe choyanikira zovala za dona, akusankha mpunga. Ndawafotokozera bwinobwino. Ndati ndi kamodzi kokha. Ndati nenani motsitsa, ine nditseka makutu. Ndati dzinalo mukulidziwa, mudzi wonse ukulidziwa, ndi pepala chabe. Ndawaonetsa ndi katani yomwe, kuti mtima ufewe.

Aiyang'ana m'mphepete, aona pamene ulusi unalumpha. Kenaka akuti: "Inu, mukufuna ndikakutukwaneni pamaso pa anthu kuti atipatse mawindo?"

Ndalankhulanso, nthawi yaitali, mfundo zanzeru zokhazokha. Pomaliza akuti, "Ndamva."

Zatheka! Ndanyamuka mtima uli m'malo. Pa geti alamu anga Che Bwanali andigwira mkono: "Alamu, mlongo wangayu akati ndamva, ndiye kuti wangomva." Munthu wokhalira kusenda mbatata za azungu angadziwe chiyani za mkazi wanga?

Katani yachiwiri yatha. Ulusi sunalumphe paliponse.

Lachisanu

Ationa nthawi yeniyeni ya swala ya Lachisanu, anzanga ali mumzikiti. Boma limadziwa kusankha nthawi.

M'kati muli mzungu ndi kaliwo wake, mapepala mulu mpaka pachifuwa. Wa magalasi waima pambali kuti azimasulira. Ine andiuza ndiime kukhoma, nditseke pakamwa. Abiti agwada pansi, mpango wawo wabwino kumutu, maso pa simenti.

Mzungu wafunsa, kalaliki wamasulira: dzina la mwamuna wako ndani?

Abiti, motsitsa kwambiri, atchula dzina langa lenileni, ndi Che wake patsogolo. Ngakhale limenelo sindinawamvepo akulitchula chikwatirane.

Kalaliki wayang'ana pa chitupa. Wamwetulira. Wakweza chitupacho m'mwamba, wakuwa dzina la kamwana lija, mpaka mesenjala wa panja wasuzumira. "Nanga uyu? Umuziba uyu?"

Ine kukhomako ndikutsokomola. Ndikugwedeza mutu mpaka khosi kuwawa. Ndi inde chabe, mayi! Palibenso kutchula! Inde basi!

"Ameneyo sindimudziwa, bwana."

Kalaliki wamasulira m'Chingerezi mothamanga, ngati mwana wokanena mnzake. Mzungu sanadzutse n'komwe mutu. Chidindo, phwa! Pa fomu yanga yobiriwira, ya ng'ombe zoyera ija.

Ndasiya khoma, ndayamba kufotokoza za jando, za dzina lakale ndi latsopano, za ulemu wa kwathu. Wa magalasi wandidula: "Pa fomu palibe malo ya jando." Malo a ng'ombe alipo. A chifuwa alipo.

Mesenjala watitsegulira chitseko. Njira yonse ine kutsogolo ndikukankha njinga, Abiti kumbuyo. Swala ndaphonya, nyumba ndaphonya.

Loweruka

Ofesi amatseka masana, ndiye ndalawira. Ndapempha kuti pasi ya Abiti aiwonjezere masiku. Akuti amawonjezera kwa mkazi amene mwamuna wake ali ndi nyumba ya okwatira. Nanga nyumbayo? Amapereka kwa mwamuna amene ali ndi mkazi. Amene anakonza zimenezi anapita kusukulu zaka zambiri, ndipo amalandira malipiro.

Ba Mulenga akuti ndinalakwitsa poyambira. "Ba telala, imwe mwapeleka mkazi wazoona? Bantu babweleka mkazi mu tauni, wamene avomela vilivonse, bapasiwa nyumba, ndiye baitana wa kumunzi." Ndiye kuti mkazi wobwereka boma limamudziwa, wanga wa a shehe ayi. Ndawauza ba Mulenga asamale zawo. Koma akunena zoona.

Masana ndapita ku Kabulonga nditakwiya, mawu nditawakonza kale panjinga, aukali, otsatana bwino. Ndawapeza Abiti akuchapa malaya anga aja ndinawasiyira dzulo. Ndayamba. Ndanena za mafomu, za dzuwa, za mabuluku a Mmwenye, za anthu akumudzi ndi pakamwa pawo. Ndafunsa kuti inde yekha akanawathyola dzino?

Afinya malaya, awakung'untha, awayanika pa chingwe cha dona. "Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wovinidwa. Kamwana ka pa pepalako ndikanati ndi mwamuna wanga, mukanandiyang'ananso bwanji m'nyumbamo?"

Ndakwiya, inde, mpaka pano ndikadali wokwiya. Koma sabata yonseyi Lusaka yense wakhala akundiitana ngati kamwana, ine n'kumayankha wawa. Munthu mmodzi yekha ndiye wakana, ndipo ndi amene akukwera basi mawa.

Dona watuma uthenga kudzera kwa alamu: sabata yakwana, galu sakudya bwino.

Lamulungu

Siteshoni ya mabasi. Fumbi, nkhuku, mitolo, anthu okuwa. Basi ya kum'mawa yadzaza kale, katundu pamwamba ngati chulu. Wapolisi waona pasi ya Abiti, waona kuti ikutha lero, wagwedeza mutu mokhutira. Pepala limodzi lokha sabata ino limene layenda bwino ndi lowachotsa.

Ndawapatsa sopo, shuga, nsalu ya mayi anga. Makatani ndinawatenga onse awiri kuti apite nawo, ndisamawaone. Atenga imodzi, ija ya ulusi wolumpha, akulungiramo shuga. Inayo andibwezera m'manja. "Iyi ikhale. Mukapeza windo mundiitane."

Basi yanyamuka. Sanayang'ane m'mbuyo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake, poti inenso ndimayang'ana matayala.

Ndabwerera mu Kabwata. Fomu yobiriwira ili pabedi. Ba Mulenga, amene amadziwako Chingerezi cha pa ntchito, andiwerengera mawu a pa chidindo: wosakwatira. Ndaganiza, ndaona kuti boma silinaname. Kamwana ka pa chitupako n'kosakwatiradi. Sikanavinidwe n'komwe, kangakwatire bwanji? Kali ndi msonkho wake, bedi lake, chaka chake chobadwa chatsopano. Ine wa ndevu, amene ndili ndi mkazi pa msewu wa ku Nyasalande, boma silinandimvepo.

Ba Mulenga abwereka hamala, akhoma misomali iwiri pamwamba pa bedi langa, osanena za nsanje kapena za nzeru. Tapachika katani. Abwerera m'mbuyo, aiyang'ana. "Yaoneka monga hotela, ba telala."

Yakwana bwino, muyeso sindinalakwitse. Kuseri kwake kuli khoma.