Mlandu wa Tayala la Kumanja

M'mudzi wina umene kuutchula dzina n'kutaya malovu, m'chaka chimene nzeru zinapita kutchuthi, anthu akufuna kwabwino anapereka galimoto yonyamulira odwala. Galimoto inali imodzi, koma komiti yoiyang'anira inali ya anthu khumi ndi awiri, ndipo pamwamba pawo panakhala a Thengolose, Wapampando Wamuyaya, Mkango wa Chitukuko, Nyali ya Osauka. Dalaivala anali Nyadani, bambo wa ana asanu, wowonda ngati mpini wa khasu. Analibe munda, analibe mbuzi. Chiwongolerocho ndiye chinali munda wake.

Sabata yoyamba a Thengolose anatulukira chinthu chonyansa. Akakhala kutsogolo kumanzere, mutu wawo unkalingana ndi wa dalaivala. Tsono anthu a m'mbali mwa msewu akanadziwa bwanji kuti bwana ndi uti? Galimoto inapita kwa wowotcherera, anaika zitsulo pa masipuling'i a kumanzere, mbali ya bwana inakwera chikhatho chathunthu. Kuyambira pamenepo inkayenda chopendekera ngati munthu wa chithupsa pathako, Wapampando kumwamba akubayibitsa anthu, Nyadani kunsi akulimbana ndi chiwongolero chokokera kumanja.

Miyezi iwiri isanathe, tayala la kutsogolo kumanja linadyeka m'mphepete mwa kunja mpaka mawaya kusuzumira. La kumanzere lili nganganga, mano onse alipo. Anagula lina, nalonso linamera dazi pamalo pomwepo.

Komiti inakhazikitsa Kafukufuku Wapadera Woona za Tayala. Anakhala masiku anayi, anamaliza mbuzi ziwiri. Ena anati ndi ufiti wa mudzi woyandikana nawo. Mayi Nasimango, mlembi wa komiti, anati Nyadani amachita matola mobisa, anamuona m'maloto. Nyadani ataona kuti mpeni ukulunjika pakhosi pake, anakaitana Bwanali, makanika wa pansi pa mtengo wa mango kumsika.

Bwanali ananjuta, anasisita tayala ndi chikhatho, anakoka chingwe kuchokera ku tayala la kumbuyo kufika la kutsogolo, n'kudzuka akupukuta manja pa ovolosi.

"Apa palibe mfiti. Mwaikweza mbali imodzi, kulemera konse kwagwera tayala ili, ndiye likuyendera m'mphepete. Chotsani zitsulozo, tiwongole alayimenti, nkhani yatha."

A Thengolose anavula magalasi.

"Iwe, sukulu unalekera pati?"

"Sitandade faifi, bwana."

"Ndiye wa sitandade faifi abwere kudzatsitsa Wapampando?"

Bwanali anamutulutsa ngati galu wolowa m'tchalitchi, ndipo mlembi analemba kuti mboniyo inabwera italedzera. Zotsatira za kafukufuku zinatuluka tsiku lomwelo: popeza tayala lodyeka lili mbali ya dalaivala, wolemera ndi dalaivala. Anamuchotsera chakudya cha masana, n'kumuchenjeza kuti tayala lina likadyeka, ntchito yatha.

"Mangani lamba, a Nyadani," anatero a Thengolose akutokosa nyama m'mano. "Dziko lonse likumanga."

Lamba wa Nyadani analibenso malo obowola. Makolo ankati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kumudzi umenewo zodya akulu zinkapota dalaivala. Iye anayesetsa. Ankayenda pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, ankazemba kamwala kalikonse, ankakhalira thako limodzi kutsamira kumanzere mpaka bwana anamukalipira kuti akumupumira. Tayala lachitatu silinamve zonsezo. Linayamba kusalala.

Apa mpamene Mkango wa Chitukuko unaona masomphenya. Galimoto ilibe vuto, wolakwa ndi msewu. Mudzi wonse unalamulidwa kutuluka ndi makasu ndi ndowa, kukathira dothi mbali ya kumanja ya msewu wopita kuchipatala, kuti galimoto iziyenda chowongoka. Anthu anakumba masabata atatu. Odwala anauzidwa kuti ayambe adikira, chitukuko chili mkati.

Nyadani anayang'ana mtumbira wa dothiwo. Akakhala chete, agwa nayo. Akalankhula, aona zimene anaona Bwanali. Anavula chipewa.

"Bwana, popita iwongoka ndithu. Nanga pobwerera, dothilo silikhala mbali yanu yokwera kale ija?"

"Pobwerera? Mwamumva? Mudzi uno ukupita chitsogolo, iye akuganiza zobwerera! Liza galimoto, mbuli iwe."

Tsiku lotsegulira msewu kunali riboni, nthungululu ndi kwaya. Popita galimoto inayenda mowongoka ngati mkwatibwi, a Thengolose anangokhalira pilo kuti asalingane ndi wantchito. Anafika kuchipatala, anajambulitsa, anatembenuka. Pobwerera matayala a kumanzere anakwera mtumbira, kupendekera kwa zitsulo kunakumana ndi kupendekera kwa dothi. Nyadani anangomva bwana akutsetsereka kubwera pa iye ngati thumba la fetereza. Phii! Galimoto inagubuduzika n'kukagona chagada m'ngalande, miyendo inayi m'mwamba ngati mphemvu yakufa. Wapampando anatuluka osakalika n'komwe, poti anagwera pofewa. Pofewapo panali pa mkono wa Nyadani, umene unathyoka pawiri. Kuchipatala anamutengera panjinga.

Komiti siinapupulume. Inadikira mwezi wathunthu, kenako inapita kungalande ndi tepi, inayeza matayala onse anayi ali m'mwambamo. Palibe ndi limodzi lomwe limene linadyekako. Mayi Nasimango analiza nthungululu. A Thengolose anawonjezeredwa udindo wa Mgonjetsi wa Matayala, ndipo analamula kuti galimoto isagwiridwe, poti vuto linali litatha.

Kalata ya Nyadani inamupeza ali pakhonde, mkono uli m'chikhakha. Anaitsegula ndi mano.

"Bambo, komiti yapeza umboni wosatsutsika. Inu muli pa chiwongolero, matayala amatha. Chichokereni inu, palibe tayala latha. Ntchito yanu yatha lero. Mubweze yunifolomu yochapa."