A Pobwerera, wometa wa m'sitima

A Pobwerera sanamalizepo kumeta mutu wa munthu pa ulendo umodzi. Aliyense ankadziwa zimenezi, koma pampando wawo sipankasowa munthu.

Anali wometa wa m'sitima yathu ya pamadzi, imene inkapita kuchilumba m'mawa n'kubwerako madzulo. Sitima inali imodzi, ulendo umodzi patsiku. Ukatsika kuchilumbako unali wa konko mpaka hutala italira. Mpando wawo unali kumbuyo, pakati pa chitseko cha injini ndi chimbudzi, womangidwa pansi ndi mabawuti. M'kabokosi kawo munali sizasi, chipeso choguluka mano, makina ometera apamanja ndi lumo lopinda lonolera pa lamba.

Luso anali nalo, pamenepo sindinama. Vuto linali pakamwa. Ankalankhula ndi manja, ndiye pakamwa pakatseguka sizasi inkaima. Ndipo pakamwapo sipankatsekeka. Ankayambira kumanzere, bwinobwino, kufika pakati pa mutu, kenako doko ilo. Ankakuvula nsalu n'kukusasa paphewa.

"Tikamaliza pobwerera, akulu."

Dzina linachokera pamenepo. Lenileni ngakhale kaputeni sankalidziwa.

Mufunsa kuti bwanji osamalizira padoko, poti sitima inkaima pamenepo tsiku lonse. Tonse tinafunsapo. Dzanja lawo linazolowera mafunde. Sitima ikamapendama uku ndi uku, dzanjalo linkakhala nji. Ikangoima, linkanjenjemera ngati la munthu wamalungo. Mphunzitsi wamkulu wina anakakamira. Anati sangaime pamaso pa ana ali ngati munda wolima mbali imodzi.

"Aphunzitsi, makutu muli nawo angati?"

"Awiri. Metani."

"Ndangofunsa kuti tisadzakangane pamapeto."

Mphunzitsiyo anapuma pantchito khutu limodzi lili lalifupi. Palibe anakakamiranso.

Kukamalizitsa kwina kunalinso koopsa. A Pobwerera ankazindikira, ndipo nkhani yako inkakhala chakudya cha m'sitima chaka chonse, pamodzi ndi mbiri ya amalume ako. Choncho anthu ankangopirira. Wogulitsa inshulansi wina anatha tsiku lonse akunyengerera anthu ataima chammbali ngati nkhanu. Mwini golosale ya padoko la kuchilumba anayamba kugulitsa zipewa, ndipo anamanga nyumba yachiwiri. Koma anthu ankakhalabe pampandopo. Theka lomwe ankametalo linkakongola, ndipo munthu aliyense amaganiza kuti mutu wake ndiye utha.

Inenso ndinaganiza choncho.

Ntchito yanga inali yokonza mapampu. Kuchilumbako ndinkapita pampu ikafa, ndipo inkafa kawirikawiri. Mkazi wanga anali atamwalira kalekale. Pakhonde la golosale ija pankakhala mayi wina telala, nayenso wamasiye. Ndinkawapatsa maovololo anga kuti aike zigamba. Ong'ambika atatha, ndinayamba kung'amba abwino. Kupatula moni ndi zikomo, sindinawauzepo kanthu. Ine si munthu wa mawu.

Kenako ndinamva kuti mwana wawo wa kumzinda wakutali wawaitana kuti akakhale naye, ndipo akulongedza. Ndinati ndipite ndikanene zanga, akane akane. Ndinasita jekete. Ndili m'sitima ndinadziona pagalasi la a Pobwerera. Tsitsi ngati chisa, ndevu ngati burashi yotsukira mapaipi. Ndinakhala pampando.

"Tsitsi ndi ndevu. Koma lero mutseke pakamwa."

"Ine? Manda enieni, achimwene."

Anandimanga nsalu m'khosi. Anameta pang'ono. Sizasi inaima.

"Jekete yositasita, bokosi la masipanala palibe. Ndi maliro kapena ndi mkazi?"

"Metani."

"Maliro si amenewa. Wopita kumaliro sanunkhira sopo chonchi."

"Ndati metani."

"Namwino? Ayi, ameneyo ndi mwana. Akazi a m'busa? Mulungu atikhululukire. Dikirani. Maovololo aja! Atelala!"

Ndinafuna kudzuka. Anandikankhira pampando ndi chala chimodzi. Munthu womangidwa nsalu m'khosi, sopo kumaso, lumo pambali pa khutu, pansi madzi okhaokha, alibe kothawira. Ndinamva za mkazi wawo woyamba, wachiwiri, ndi za wina amene anawakana chifukwa cha mapazi. Hutala inalira. Ndinayang'ana pagalasi. Kumanzere kunali mkwati, kuyambira pamutu mpaka pachibwano. Kumanja kunali munthu wothawa kundende.

"Tikamaliza pobwe..."

"Mumaliza pompano. Mnzako akapsa ndevu m'zimire."

Anatambasula dzanja kuti ndilione. Sitima inali itaima, ndipo lumo linkavina lokha.

"Mukufuna mukafunsire opanda khutu? Yankho mukalimva ndi chiyani?"

Chipewa chimabisa mutu, sichibisa ndevu. Ndipo zipewazo, ndi malezala omwe, zinali m'golosale. Kuti ndilowemo ndinayenera kudutsa pakhonde, pamaso pa atelala. Ndinayesa kutsika nditafunda jekete kumutu. Onyamula katundu ataona anaika matumba pansi kuti aseke bwino. Ndinabwerera.

Anthu onse anatsika, ngakhale kaputeni. Tinatsala awiri. Denga lachitsulo linatentha, fungo la dizilo ndi la chimbudzi zinagwirizana. A Pobwerera anakhala pambali panga n'kuyamba kufotokoza za opaleshoni yawo ya ndulu, kuyambira tsiku limene anabadwa dokotala wake. Ndinasamukira kutsogolo, anabwera. Ndinadzitsekera m'chimbudzi, anapitiriza ali pachitseko.

M'chimbudzimo munali kazenera koyang'ana kudoko. Ndinaona khonde. Azimayi ankabwera, kukumbatira atelala, n'kumapita. Kenako amuna awiri anamasula makina osokera pathebulo lake n'kuwaika m'bokosi. Apo ndinadziwa kuti ulendo wawo si wa mawa kapena mkuja. Unali wa tsiku lomwelo, pa sitima yomweyo, ndipo kutsidya akakwera galimoto. Ine ndinali m'chimbudzi ndi nkhope ziwiri.

"Achimwene, mwafera m'menemo?"

"Akukwera lero."

"Ndiye tulukani mukhale pampando. Ikangosuntha ndimaliza mofulumira, mukalankhule nawo muli munthu mmodzi."

"Mulumbire kuti simulankhula."

"Mwamvapo ine ndikulankhula pantchito?"

Madzulo anthu anakwera. Ine ndinali kale pampando, nsalu mpaka m'mphuno. Injini inalira, sitima inayamba kupendama, dzanja lija linakhazikika. Anandipaka sopo, n'kundikweza chibwano, lumo pam'mero. Nthawi yomweyo onyamula katundu anabweretsa bokosi la makina n'kuliika pafupi ndi chitseko cha injini. Mwini wake anabwera pambuyo, n'kukhala pabokosipo, moyang'anana ndi ine.

"Mwaswera bwanji, bambo a mapampu? Ndakuzindikirani ndi nsapato."

Lumo linali pomwe pamatulukira mawu.

"Aswera m'chimbudzi, mayi," anatero a Pobwerera. "Tsiku lonse. Chifukwa cha inu."

Ndinawaponda phazi. Sanamve.

"Munthu uyu nyumba ali nayo. Mowa samwa, kupatula akapatsidwa. Mano atsala okwanira. Kukwiya amakwiya, koma poti salankhula simudzadziwa. Ndipo maovololo aja ankang'amba dala."

Anthu anali atayamba kusendera kumbuyo. Ngakhale wa injini anasuzumira pachitseko.

"Zimenezo ndinkazidziwa," anatero atelala. "Ovololo siing'ambika mowongoka chonchija, ndiponso pamsana."

"Ndiye munkasokeranji?"

"Ndinkati mwina tsiku lina eni ake anena chomwe akufuna. Alibe pakamwa?"

"Ali napo, koma amangodyera."

Anthu anaseka. Atelala sanaseke. Anandiyang'ana ine, mbali zonse ziwiri.

"Bambo, doko likuoneka ilo. Mwana wanga watumiza galimoto. Za wometa ndamva. Inu muli ndi mawu?"

Ndinafuna kugwedeza mutu.

"Musagwedeze!" anakuwa a Pobwerera. "Mukufuna ndikuzingeni ngati nkhuku?"

Kuthawa kunalibe, kugwedeza kunalibe. Kunatsala pakamwa.

"Musapite."

"Mawu ake ndi omwewo?"

"Omwewo."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Pobwerera anatseka pakamwa.

"Nanga makina anga ndikaika pati?"

"Khonde lilipo. Silidontha."

"Chabwino. Koma mwana wangayo mukamuuza ndinu, ndipo mukamuuza ndi mawu oposa amenewa."

A Pobwerera anakweza lumo m'mwamba n'kuyamba kulalikira za banja. Anthu ankawerama lumo likamadutsa. Hutala inalira. Ndinatsika ndi sopo kumaso, bokosi la makina paphewa, nkhope zikadali ziwiri. Woyendetsa galimoto ija anandiona n'kutseka mawindo. Kunyumba atelala anandikhazika pakhonde n'kumaliza ndi sizasi yodulira nsalu.

Ulendo wotsatira a Pobwerera anandizungulira kawiri.

"Mutu uwu sunametedwe. Wasokedwa."

Analumbira kuti sadzandilankhulanso. Ndinathokoza Mulungu. Anapirira mpaka pakati pa madzi.

Zaka zinapita. Eni sitima anagula ina yatsopano, yothamanga, yosapendama. Mpando anawalola kuumanga, koma pa sitima imeneyo dzanja lawo silinakhazikike. Anayesa tsiku limodzi, anaona magazi pakolala ya munthu, anapinda lumo n'kutsika. Anakakhala kwa mphwawo, m'kachipinda ka kuseri koyang'anizana ndi khoma la oyandikana nawo. Kapu ya tiyi inkawalaka. Inkafika pakamwa itatsala theka, malaya atanyowa, iwo akutukwana.

Ndinatenga mpando wawo wakale uja, ndinauika miyendo yopindika ngati uta, n'kukawapatsa kuti azikhalapo. Ndikapita kukawaona ndinkaugwedeza ndi phazi, uku ndi uku. Sindikudziwa kuti madokotala angati chiyani. Tiyi sankatayika. Ankamwa, n'kuyambiranso za ndulu ija. Ndinkakhala mpaka amalize, ngakhale chitseko chinali chotsegula.

Anamwalira atagona, mphwawoyo akuti ali pakati pa nkhani ina. Pobwera kumanda mayi a kunyumba anangonena kamodzi kuti, "A Pobwerera akanakhala achangu pantchito, bwenzi ine ndili kumzinda kuja." Zinali zoona.

Masiku ano timapitabe kuchilumbako kukaona abale a mayi a kunyumba. Sitima imafika msanga, koma ulendo umatalika. Pomwe panali mpando anaikapo firiji ya zakumwa. Anthu amakhala m'mizere, aliyense maso pafoni, ndipo amatsika ndi mitu yathunthu. Mwini golosale anasiya zipewa.

Ulendo wathawu kutsogolo kwathu kunakhala bambo wina wa imvi, jekete yositasita. Pambali pake panali mayi wina ndi masutikesi. Bamboyo ankatsegula pakamwa n'kutseka, kutsegula n'kutseka. Mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono.

"Mlankhulireni mnzanuyo."

"Ine ndi ndani?"

Ndinali ndikufunafuna poyambira pamene hutala inalira. Mayiyo ananyamula masutikesi ake yekha. Bamboyo anati, "Muyende bwino," n'kulowera kwina.