Chimphona cha Nkhope ya aDaka

Amene anandilakwila ndi Mabvuto, mnzanga wa babashopu pa Nyimba. Ndinamubweleka buku langa kuti awelenge yekha, iye n'kuthothola masamba n'kuwamata pakhoma la shopu yake.

Mu shopumo muli TV, ndipo pali katuni ina ya chimphona cha mkono wachitsulo chimene chimamenyedwa tsiku lililonse. Palibe amafotokoza chimene chinachikwiyitsa. Ine zimenezi zinandiwawa (anthu aukali timamvelana chisoni), ndiye ndinagula buku n'kuyamba kujambula mbili yake m'timabokosi: chili kamwana, achichotsa sukulu giledi 6 kuti chikawete mbuzi, anzake akudutsa ndi mayunifomu n'kumachiseka.

Vuto linali nkhope. Ndinabweleka ya aDaka, atate ake a Misozi, mtsikana amene ndifuna kukwatila. Anali atandibweza kawili pakhomo pawo, akuti ndine wamtima wapachala. Dazi lawo, ndevu zawo zapamlomo zopindika zija, zonse ndinaika.

Nditamva kuti masamba ali pakhoma, sindinafunse zambili. Ndinathamanga kuchokela kumsika, n'kulowa osaodila. Mabvuto anali atawelamila munthu wina wofundidwa nsalu mpaka m'khosi.

“Iwe galu, wandipha!” ndinakuwa, n'kumukoka kolala.

Mashini ometela anatelela. Ndinangoona kanthu kakuda kagwela pansalu. Wometedwayo anatembenuka pang'onopang'ono. Anali aDaka, ndevu mbali imodzi yokha.

Ndinagwada pomwepo (pansi ponse tsitsi la anthu, koma sindinasankhe malo). M'mutu ndinatsanzikana naye Misozi.

ADaka anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako analoza khoma.

“Ndiwe wajambula izi?”

“Ndine, bambo.”

“Ndaziwelenga zonse podikila. Anakuuza ndani kuti ine anandichotsa sukulu chifukwa cha mbuzi?”

“Palibe, bambo. Mbiliyo ndi yanga, ndine ndinachotsedwa sukulu. Kwa inu ndinangotenga nkhope.”

Mabvuto anazimitsa mashini ake.

“Ine zinali ng'ombe,” anatelo aDaka motsitsa mawu. “Giledi 4.” Anakhudza pamene panali ndevu paja. “Nanga chimatha bwanji chimphona chakochi? Chimangomenya anthu mpaka kukalamba?”

“Sindinafike kumapeto, bambo.”

“Ukamalize. Ubwele nalo bukulo kunyumba pa Sondo, tikaone ngati chili ndi nzelu. Iwe wometa, chotsa mbali yatsalayi, ndisayende ngati wodwala.”

Masiku atatu tsopano ndikujambula mapeto. Chimphona chaphunzila kuodila chisanalowe m'nyumba za anthu (ine ndikali kuyeselela).

Dzulo ndinabwelela kwa Mabvuto. Atandiona anabisala kuseli kwa mpando. Ndinapuma kaye katatu, manja m'thumba, n'kumuuza kuti:

“Boyi, sindinakukhululukile. Koma pa Chiwelu undimete bwino, ndili ndi ulendo wa kwa apongozi. Ukaphonyetsa, buku lachiwili chimphona chidzakhala ndi mphuno yako.”