Mizere Isanu ndi Umodzi ya Esinati

Lolemba
Akukhonsolo akusintha malamulo a mzinda. Ndime ina ikuti chimanga chisadzalidwenso pamapuloti. Nanga changachi? Mizere isanu ndi umodzi kuseri kwa nyumba, kuno ku Mchengautuwa. Mbewu yamakolo ya ku Mulanje. Anadzala ndi mkazi wanga Esinati, mwezi umodzi asanatisiye. Lachisanu kuli msonkhano womva maganizo a anthu. Ndikulemba pempho loti mizere yosapitirira khumi aziilola. Ukalaliki ndinaugwira mpaka kupuma, kalata sindiopa.

Lachiwiri
Zofunika: mapepala, bolopeni, jekete lija lamaliro, anthu osainira makumi awiri.
Osainira lero: awiri. Ine ndi aneba anga a Nyirenda, amene akuganiza kuti ndi zamadzi.

Lachitatu
Mvula ya Mzuzu! Khomo ndi khomo, nsapato zili thope lokhalokha. Aliyense kuthokoza m'Chitumbuka, "Yewo chomene, adada," koma bolopeni sagwira. Mayi wina akuti chimanga chimabisa akuba. M'mizere sikisi? Wakubayo ndiye wowonda.

Lachinayi
Ndikuyeserera zokalankhula, chimanga chikumvetsera. Ndikafika padzina la Esinati mawu akuthawa. Katatu konse.

Lachisanu
Ndafika woyamba kuholo. Patebulo la pakhomo pali pepala. Ndikusaina pamwamba penipeni, mokongoletsa, osawerenga. Ine, kalaliki! Pemphero lalitali, Chingerezi, Chitumbuka, Chingerezinso. Ndikukweza dzanja, ndikutchula dzina langa. Wapampando akuyang'ana pepala lija. "Adada, si inu nambala wani mwa ovomereza ndimeyi?" Pepala la otsutsa linali patebulo lina. Holo yonse kuseka. Pempho langa silinatuluke m'jekete.

Loweruka
Ndakumana ndi khansala wathu kumsika. Akuti ndisadandaule: makhansala avote kaye, chikalata chipite ku Lilongwe, anduna asaine. Zimatenga nthawi, chaka chino ndikolola. Ndikufunsa za chaka chamawa. Akusankha tomato.

Lamulungu
Kutchalitchi sindikupita, a Nyirenda afalitsa kale. Ndili kuseri. Ndevu za chimanga zayamba kuuma. Ndikusankha chachikuluchikulu cha mbewu, ndikumanga kansanza paphesi monga ankachitira mwini wake. Chikauma ndichipachika pautsi kukhitchini. Kokachidzala kulibe, koma ndichipachikabe. Ndamusowa, ndamusowa kwambiri. Akanakhalapo akanaseka mpaka kukhala pansi, kenako n'kundifunsa kuti magalasi ndinasiya kuti. Anali m'thumba, Esinati. Ndipo woyamba kusaina ndinali ine.