Tsiku limene ndinagwadira apongozi mu sinowo

Nkhani iyi amuna anga aifalitsa kale kutchalitchi, ndipo akamaisimba amathira mchere wambiri. Bola ndiisimbe ndekha mwini wake, poti amene anazizidwa ndine.

Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Limbe kudzationa kuno ku Bowie, ku America, m'nyengo yozizira (anawagulira tikiti ya Disembala ndi mwana wawo, ine musandiyang'ane). Masiku oyamba ankangokhala pawindo, kuyang'ana msewu wopanda ndi munthu mmodzi yemwe woti n'kumupatsa moni. Ankandimvetsa chisoni. Chimene chinkawatsegula pakamwa ndi nkhani ya sitima basi. Paunyamata wawo ankathira malasha mu injini za sitima zautsi zija, ndipo tsiku lina anadandaula kuti pa zaka zonsezo sanajambulitse chithunzi ngakhale chimodzi. Adzukulu kumudzi akamva nkhaniyi amangoti agogo akucheza.

Ndiye amuna anga anafufuza n'kupeza kuti kumapiri a kumadzulo kwa Maryland kuli sitima yakale ya malasha, yonyamula anthu ongokaona malo. Anagula matikiti atatu. M'mawa wa tsikulo foni inalira: kuchipatala kumene amagwira ntchito kwachepa anthu, abwere msanga. Anandipatsa makiyi a galimoto akumwetulira ngati akundipatsa mphatso.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa kale vuto lake. Apongozi sukhala nawo pafupi, suwayang'ana m'maso, ndipo ukafuna kuwayankhula umayamba wagwada. Ine ndinaleredwa choncho ku Ntcheu, ndipo America sanandisinthe. Kuntchito ndimasambitsa nkhalamba zachizungu tsiku ndi tsiku osaphethira, koma apongozi anga ndinali ndisanawakhudzepo ngakhale chala. Ulendo wonse iwo anakhala kumbuyo, ine ndikuyankhula ndi chiwongolero. Pamwamba pa mathalauza awiri ndinali nditamanga chitenje mothinitsa (thalauza pamaso pa apongozi? Ayi ndithu).

Titafika tinapeza sitima ikupuma utsi, ndipo munthu wamkulu uja anasintha ine ndikuona. Anakoka mpweya, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti fungo la malasha ndi lomwe lija. Ndinafuna kuwajambula pomwepo koma anakana. Sitima yoima ndi sitima yogona, iwo ankafuna chithunzi ikugwira ntchito.

Mwayi wake unalipo. Pakati pa ulendo, m'mapiri oyera mbee ndi sinowo (madzi oundana ogwa ngati ufa aja), sitima inaima ndipo anatiuza kuti ofuna kujambula atsike. Tinatsika. Kenako ndinangoona sitima ikubwerera chafutambuyo mpaka kukabisala kuseri kwa phiri. Ndinayamba kale kukonza mawu okafotokozera abale kuti bambo awo ndawasowetsa m'tchire la eni. Mayi wina anandikhazika mtima pansi. Anati imabwerera dala kuti idutse mothamanga, utsi uli tolo, anthu ajambule bwino. Koma imadutsa kamodzi kokha.

Ojambula anandanda mzere umodzi, makamera awo aataliatali, onse ali chete. Apongozi anavula chijasi, n'kutsala ndi suti ya kutchalitchi, n'kukaima chakutsogolo pang'ono pambali pa mtengo. Nditayang'ana pafoni ndinapeza kuti mtengowo ukuwabisa nkhope. Ankafunika kungosuntha pang'ono basi.

Mwana wa kuno akanangokuwa kuti adadi sunthani, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine ndikuwire apongozi pagulu? Ndiwakodole ndi dzanja ngati mwana? Paja manyazi anapha lambe. Ndinatuluka pamzere, ndikuyenda timapazi tifupitifupi chifukwa cha chitenje, n'kudutsa kutsogolo kwa makamera onse. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza. Sitima inalira kuseri kwa phiri. Nditafika pafupi nawo ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa: ndinapatukira pambali pang'ono, n'kugwada.

Pambalipo panali ngalande, ndipo sinowo anali ataidzaza mpaka kulingana ndi nthaka. Bondo linapita, linzake linatsatira, ndipo ndinangozindikira ndamira mpaka m'khwapa. Foni inapita kwake. Ndikati ndidzuke, chitenje chandimanga miyendo. Bambo wina wandevu anakuwa m'Chingerezi kuti ndichoke, ndikuwononga chithunzi, ngati kuti ndinalowamo kukapuma.

"Bambo, ndimati musunthire uku pang'ono," ndinatero ndili m'dzenjemo (inde, uthenga ndinaupereka).

"Mayi, bweretsani dzanja."

"Ayi bambo, ndituluka ndekha."

"Mutuluka mwezi wa mawa. Bweretsani dzanja."

Sanadikirenso yankho. Anandigwira mikono yonse iwiri n'kuyamba kukoka, ndipo nthawi yomweyo sitima inatulukira. Nthaka inanjenjemera, utsi unatikuta, timakala tinatigwera m'mutu. Pamene ndinkatuluka m'ngalandemo n'kuti bogi yomaliza ikudutsa. Foni tinaifukula itazima. Sitima itabwerera kudzatitenga ndinakwera nditanyowa, ndipo kuzizira sikunandiwawe ngati mmene unandiwawira mtima. Munthu wadikira chithunzi moyo wake wonse, ine n'kuchikwirira m'ngalande.

Tili m'njira yobwerera, bambo wandevu uja anabwera pampando wathu, nkhope idakali yokwiya pang'ono, n'kutionetsa chithunzi pakamera yake. Injini yakuda bii, utsi mpaka kumwamba, mapiri oyera kumbuyo. Kutsogolo kwake apongozi ali mu suti, atatangadza miyendo, msana utapindika, akuseka mano onse pamtunda. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena chapansipansi kuti umu ndi mmene ankaimira akagwira fosholo.

Za ine musafunse. Theka la munthu, chipewa chili pakhutu limodzi, kukamwa kuli yasa. Bamboyo atavomera kutitumizira, ndinamunong'oneza kuti mbali yanga aidule. Apongozi anamva (Chingerezi amachimva akafuna).

"Mukachotsa mayiwa, ine ndizioneka ngati ndikukoka chiyani?"

Lero chithunzicho chili pakhoma ku Limbe, chachikulu, m'galasi. Adzukulu anasiya kutsutsa. Mlamu wanga amandiuza kuti mlendo aliyense amafunsa za munthu ali m'dzenjeyo, ndipo apongozi amayankha monyadira kuti ndi mpongozi wawo wa ku America, mwana waulemu kwambiri.

Ndinaphunzirapo kanthu? Pang'ono. Kugwada ndimagwadabe, ndipo sindisiya. Kungoti masiku ano ndimayamba ndapondapo kaye ndi phazi.