Bambo Flywell ndi Phazi la Leston

Ku Kawale kunalibe munthu amene akanadandaula ululu pamaso pa Bambo Flywell n'kuchokapo msanga. Mkuluyu anatsuka mabala kuchipatala zaka makumi awiri, ndipo atapuma ntchito mu 1991 anangopitiriza kufunsa odwala m'misewu, osapemphedwa. Ukangoti mutu ukuwawa, basi wagwa m'mbuna.

"Ukuwawa bwanji? Ukubaya, ukuwotcha, kapena ukugunda ngati ng'oma?"

"Ukungowawa, abambo."

"Kungowawa kulibe! Wayamba lero kapena ndi wamgonagona? Pakati pa ziro ndi teni, uli pati?"

Tsiku lina pamaliro anafunsa mayi amene ankalira mogubuduzika kuti chisonicho chafika nambala yanji. Mkuluyu anathawa nsapato zili m'manja! Wogulitsa makala wina atadandaula phewa, anamuuza kuti vuto lili mu ndulu, poti ululu wina umasochera n'kukagogoda pakhomo la eni. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma atapita kuchipatala madokotala ananenanso zomwezo.

Tionenji, mayi wogulitsa mandasi pamsika, sankaseka nawo. Mwamuna wake Leston anadulidwa mwendo minibasi itamugunda, ndiye patapita miyezi anayamba kukuwa dzuwa likuswa mtengo kuti chala chachikulu cha phazi lodulidwalo chikumuwotcha. Phazi loti linakwiriridwa kalekale! Azilamu a Tionenji anabwera kuchokera ku Mitundu nkhope zili gwaa. Akuti mayiyu anafukula mwendowo n'kuupanga chizimba cha mandasi, n'chifukwa chake ukuvutitsa mwini wake. Alongedze, azipita kwawo.

Bambo Flywell analowa osaodira n'komwe.

"Leston, likubaya kapena likuwotcha?"

"Likuwotcha, abambo. Eyiti."

"Mwamva inu? Eyiti! Mfiti imadziwa masamu?" Kenako anakhala pansi, mawu n'kutsika. "Mwendo anadula, inde, koma mitsempha yonyamula uthenga ilipo, ndipo ubongo sunauzidwe za malirowo. Kuchipatala ndaona asilikali akukanda mpweya pomwe panali mwendo. Akazi awo onsewo ankakazinga mandasi?"

Azilamu ananyamuka kuti azipita. Koma potuluka, wamkulu wawo anayang'ana Tionenji n'kunena motsitsa: "Mkuluyu sadzakhala muyaya."

Kuyambira pamenepo Bambo Flywell ankabwera Lachitatu lililonse. Anaphunzitsa Tionenji kusisita chitsa cha mwendo n'kuchikulunga nsalu yofunda, ndipo aliyense wonong'ona za chizimba ankamugwira pamsewu n'kumufotokozera za mitsempha mpaka munthu kupepesa chifukwa chotopa. Mandasi anayambanso kugulidwa.

Bambo Flywell anamwalira mu June wa 1997, kuzizira kuli nyenyenye, atangodwala masiku atatu. Tionenji analira kuposa achibale, ndipo ena anadabwa. Ankalira chisoni, koma ankaliranso mantha.

Kawale anakhala zii. Anthu ankangoti "thupi lonse likuwawa," popanda wowatsutsa, n'kukagula panado pagolosale. Benchi imene mkuluyu ankakonda kukhalapo inatsala pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe ankafuna kukhalapo.

Koma phazi la Leston silinamve kuti wolilankhulira wapita. Linkawotchabe. Mwamunayo akangoyamba kubuula, Tionenji ankathamanga kutseka zenera, kukweza wailesi mpaka kumapeto kuti aneba asamve, kenako kugwada pamphasa n'kumasisita chitsa chija. Galimoto iliyonse yoima pamsewu ankaisuzumira pa katani, kuopa kuti ndi azilamu aja. Kuseri kwa chitseko, zovala zake zinali zomangamanga kale m'chitenje.