Tsiku Limene Ndinalemera ndi Katundu Wobwereka

Mukadzamva kuti ku Nkhulambe kuli mayi amene analemera kwa maola awiri okha, kenako n'kusauka kuposa kale, musavutike kufunsa. Ndine.

Achemwali anga atamwalira, ndinatenga mwana wawo Lusiya kuti ndizimulera. Ali Sitandade 5, kusukulu amakhoza, koma yunifolomu yake yangotsala zigamba ndipo nsapato alibe. Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti Lachinayi kubwera alendo oyendera makomo amene akulera ana amasiye. Zotsatira sindinazimve, maganizo anali pa nandolo wanga amene mbozi zinamaliza.

Amene anandimasulira nkhaniyo ndi a Felesiya, oyandikana nawo nyumba, omwenso akulera mdzukulu wamasiye (koma iwo ali ndi mwana ku Joni, chimenecho musaiwale).

"Anthu amenewo sachita masewera," anatero. "Akapeza m'nyumba mulibe kanthu, mwana amamutenga n'kukamusiya kosungira ana, kutali uko."

Mayo ine! Lusiya, chokhacho chimene achemwali anandisiyira? Ndinayamba kulira pomwepo.

"Musalire, anzanga," anatero a Felesiya. "Katundu wanga si alipo? Dzabwerekeni."

Ndinayamba ndi mipando inayi ya pulasitiki, poti kwathu kuno mlendo ukamulemekeza sakhala pansi. Kenako matiresi. Kenako wailesi ndi sola yake. Apa ndikanalekeza, koma ayi, ndinabwereranso kukatenga njinga ndi matumba atatu a nandolo. Pomaliza ndinakoka mbuzi zitatu n'kuzimanga pamtengo wa mango wapabwalo, kuti wolowa aliyense achite kupunthwa nazo. M'nyumba mwa a Felesiya munangotsala mphasa ndi ndowa.

Lachinayi anafika awiri pa njinga yamoto, bambo wa magalasi ndi mtsikana wolemba mayankho pa foni yaikulu. Ndinawakhazika pamipando ija, wailesi ikulira.

"Mbuzizi ndi zanu, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Zanga zimenezi. Iyi ndi Mwatitha, iyo ndi Nachisale, yoyerayo ndi Dona." (Mayinawo ndinapeka pomwepo. Mbuzi zinangondiyang'ana.)

"Pakhomo pano mumadya kangati patsiku?"

"Katatu. M'mawa tiyi wa mkaka."

Lusiya anatembenuka n'kundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndinamutsina pantchafu. Mwanayo m'mawa umenewo anali atadya chinangwa chozizira chadzulo.

"Nanga nandolo? Anzanu akudandaula mbozi."

"Kumunda kwanga mbozi zimachita mantha," ndinatero, ndikuloza matumba.

"Ndiye kuti zimene mumapeza pamwezi zimakukwanirani?"

"Zimatsalako, bambo."

Bamboyo anamwetulira, mtsikana uja n'kudina foni yake komaliza.

"Mayi, mwatisangalatsa. Lusiya ali m'manja abwino. Thandizo tabwera naloli ndi la yunifolomu, nsapato, makope ndi kangachepe mwezi uliwonse, koma lamulo lake likuti lipite kwa ana oleredwa m'makomo ovutikitsitsa. Inu simuli m'gulu limenelo."

Abale inu, zinali ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

"Thandizo? Simunabwere kudzatenga mwana?"

"Kumutenga kupita naye kuti? Ife timafuna mwana akulire kwa abale ake."

"Bambo, pepani, ndanama! Mbuzizi si zanga! Ngakhale mpando mwakhalirawo si wanga!"

Bamboyo anaseka mwaulemu. "Mayi, aliyense akamva za thandizo amatero. Mbuzi zoti si zanu mungazidziwe mayina?"

Ndinalumbira, ndinagwada, ndinawakokera kuseri kuti akaone nkhokwe yopanda kanthu. Mtsikana uja anati mayankho anga atumizidwa kale kuofesi, sangawabwezenso.

Ndiye tamverani izi. Atachoka pakhomo panga anawolokera kwa a Felesiya. Anawapeza atakhala pamphasa m'nyumba yopanda kanthu ija, mdzukulu ali pambali. Ndinaona ndi maso angawa mtsikana wa foni uja akupukusa mutu ndi chisoni. A Felesiya analembedwa.

Alendo atapita, a Felesiya anabwera kudzamasula mbuzi zawo.

"Zayenda bwanji, anzanga? Mwana sanamutenge, eti? Mwaona!"

Mpaka lero sindidziwa ngati anachita dala kapena mwayi unangowagwera.

Sukulu zitatsegulira, mdzukulu wa a Felesiya anadutsa pabwalo panga atavala nsapato zakuda zatsopano, makope ali m'chikwama. Lusiya anamutsatira phazi pansi, zigamba zake zomwe zija. Sanandidandaulire. Anangoima pamtengo wa mango uja n'kufunsa, "Amayi, tiyi wa mkaka uja tidzamwa liti?" Ndinalowa m'nyumba n'kukalira. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Akuti anthu aja adzayenderanso makomo chaka chamawa. Ndalumbira kuti adzandipeza monga ndilili, denga lodontha ndi zonse. Koma mpando umodzi wokha ndidzabwereka ndithu. Bambo wa magalasi ngati ameneyo akhale pansi pakhomo panga, anthu adzati chiyani?